Kubayidwa maselo a magazi a amuna anga kuti mimba ikhazikike: alipo anayesapo?

NaJere: Moni nonse a pagulu. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga osatulutsa mawu, koma lero zandikulira. Ndili ku South Bend, ku Indiana, limodzi ndi bambo akunyumba. Ndapita padera katatu, konseko mimba isanakwane miyezi itatu. Kuchipatala andiyeza magazi, andiunika chiberekero, akuti sakupeza chovuta. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wandiuza za chithandizo chotchedwa LIT. Akuti amatenga magazi a mwamuna, n'kusefamo maselo oyera, n'kumubaya mkazi pakhungu la mkono kuti thupi lake lizolowere za mwamunayo, lisamakane mwana. Kuno ku America sachita, ndiye anthu amawoloka malire kupita ku Mexico. Ndalama yake ndi yoti tiimitse kaye nyumba yomwe tikumanga ku Lilongwe. Bambo avomera kale, akuti chilichonse bola tigwire mwana. Ine mtima uli pawiri. Alipo anayesapo? Kodi n'zoona zimathandiza? Nanga sizingandivulaze?

Anaphiri a ku Ndirande: Pepa mwana wanga. Ine ndinadutsamo momwemo, lero ndili ndi zidzukulu. Anamwino alipo pagulu pano, akuyankha. Usafulumire kutumiza ndalama.

Mai a Praise: Asisi, ine ndinapanga, koma ku India. Ndinali nditataya mimba zitatu ngati inuyo. Bambo a Praise anawatenga magazi m'mawa, tinakhala pa benchi mpaka masana, kenako anandibaya timajakisoni ting'onoting'ono pa mkono, pansi pa chigongono. Panatuluka timatuza tofiira toyabwa kwambiri, usiku ndinkadzuka kukanda, koma patatha sabata zinaphwa. Anabwereza patadutsa milungu ingapo. Chaka chomwecho ndinatenga mimba ndipo Praise pano ali ku nazale. Aliyense anene zake, koma ine mwana ndili naye m'manja.

NaJere: Mai a Praise, ndikuwerenga uthenga wanu misozi ikutsika. Zimenezi ndi zomwe ndikufuna kumva.

Tiyamike wa ku Leeds: Achemwali anga NaJere, pepani kwambiri. Ndine namwino, ndimagwira ku chigawo choona amayi a mimba zoyambirira, ndiye nkhope ngati yanu ndimaiona sabata iliyonse. Mai a Praise, ndikusangalala nanu ndi mtima wonse. Komabe mundilole ndinene zomwe zikudziwika, chifukwa nkhaniyi yafufuzidwa kwa zaka zoposa 40.

Ganizo lake linachokera pa funso lenileni. Mu 1953 katswiri wina wa ku Britain, Peter Medawar, anafunsa kuti zimatheka bwanji kuti thupi la mayi lisakane mwana, poti theka la mwanayo ndi la bambo, munthu wa magazi ena. Mukapatsidwa impso ya munthu wina, asilikali a m'thupi amailimbana nayo. Nanga mwana amapulumuka bwanji? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madokotala ena anaganiza kuti mwina amayi opita padera kawirikawiri thupi lawo silimuzindikira bwino mwamunayo, ndiye silipanga zoteteza mimba. Anati tiyeni tiliphunzitse pomubaya mayi maselo a bambo. Mu 1985 gulu la pa St Mary's Hospital ku London linatulutsa kafukufuku woonetsa kuti zikuthandiza, koma amayi amene anatenga mimba m'kafukufukuyo sanafike ndi 50 omwe. Nkhani inafala, zipatala zambiri zinayamba kubaya.

Kenako anthu anafuna kutsimikiza. Mu 1999 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Carole Ober wa ku Chicago, wochitikira ku America ndi Canada. Amayi 183 anagawidwa mwa maere, ena kubayidwa maselo a amuna awo, ena madzi a mchere chabe, popanda mayi kudziwa chomwe wabayidwa. Mwa obayidwa maselo, 36 pa 100 alionse ndi amene mimba yawo inakhazikika. Mwa obayidwa madzi a mchere, 48 pa 100. Muone bwino manambalawo achemwali. Amene sanalandire chithandizo ndi amene zinawayendera bwino.

N'chifukwa chake kwanuko sachita. Mu January 2002 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalembera madokotala kuti LIT isaperekedwenso kwa odwala, pokhapokha mkati mwa kafukufuku wovomerezeka. Si kuti anangoiwala kuibweretsa ayi, anachita kuiletsa.

Mai a Praise: Ndiye mukunena kuti Praise wanga ndi wabodza? Mimba zitatu zinachoka, ndabayidwa, yachinayi yakhala. Chinasintha ndi chiyani ngati si jakisoniyo?

Tiyamike wa ku Leeds: Ayi mayi, sindikunyoza umboni wanu, ndipo funso lanu ndi lomwe aliyense angafunse. Yankho lake ndi nkhani yabwino imene amayi ambiri sauzidwa. Mayi amene wapita padera katatu, madokotala osapeza chifukwa, mwayi woti mimba yotsatira ifike pobereka umakhalabe waukulu. Ku Liverpool anatsatira amayi oterewa amene sanapatsidwe mankhwala aliwonse, kungowaona pafupipafupi ndi kuwaunika msanga, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse amene anatenganso mimba anabereka. Mwayiwo umatsika zaka zikamapita komanso mimba zotayika zikamachuluka, koma sutha. Ndiye chipatala chilichonse chimene chingabaye amayi oterewa chinthu chilichonse chidzakhala ndi zithunzi zambiri za makanda pakhoma. Amene sizinawayendere sabwera kudzajambulitsa. Kuti tidziwe ngati jakisoniyo ndi amene wagwira ntchito, pamafunika gulu lina lofanana nalo lomwe silinabayidwe, ndipo akayerekeza choncho kusiyana sikuoneka. A Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense wodalirika, mu 2014 anaphatikiza kafukufuku 12 wa maselo a bambo, amayi 641, ndipo sanapeze kuti ana obadwa amoyo achuluka.

Mai a Praise: Mwina. Koma ine ndikanabwerera m'mbuyo ndikanapangabe. Kukhala manja lende kudikira mimba ina ichoke kunkandipha.

Anaphiri a ku Ndirande: Pamenepo ndiye wanena zoona mwanawe. Kudikira kumawawa kuposa jakisoni.

Lusungu M.: Ndilowererepo pang'ono. Mkazi wa mchimwene wanga anafufuza kwambiri nkhaniyi ndipo ndinkamuthandiza kuwerenga. Si madokotala onse amene anavomereza zotsatira za 1999 zija. Ena amati m'kafukufuku ameneyo maselo ankasungidwa mu firiji usiku wonse asanabayidwe, ndiye anali atafooka. Komanso ku China ndi ku Brazil kuli akatswiri amene anaphatikiza kafukufuku wina n'kupeza kuti zikuthandiza. Tisamangomvera a ku America ndi ku Britain okha ngati kwinaku kulibe madokotala.

Tiyamike wa ku Leeds: A Lusungu mwanena zoona, mkangano wa firijiwo ulipodi ndipo ndi wa anthu ophunzira. Vuto ndi lakuti ambiri mwa kafukufuku amene amaonetsa phindu ndi aang'onoang'ono, ndipo m'malo ambiri mayi ndi dokotala ankadziwa amene wabayidwa chenicheni, kapena kagawidwe ka magulu sikanalongosoledwe bwino. Zikatero manambala amakonda kupendekera kumene ofufuza akufuna. Amene amakhulupirira za maselo osasungidwa mu firiji akhala ndi zaka zoposa 20 zoti achite kafukufuku wamkulu wotsekera pakamwa aliyense. A bungwe la ESHRE, lomwe ndi la akatswiri a za uchembere a mayiko a ku Ulaya, anawerenga mbali zonse ziwiri ndipo malangizo awo a 2017, omwe anawaunikanso mu 2022, akuti LIT isagwiritsidwe ntchito chifukwa phindu silikuoneka pomwe kuopsa kulipo. A RCOG, bungwe la madokotala a za uchembere kuno ku Britain, nawo salimbikitsa.

Che Jafali: Ine ndi wa mu labu, ndimagwira za magazi kuno kunyanja, ndiye mundilole ndikambe za kuopsako chifukwa ndi kumene kwandikhudza. Alongo anga NaJere, maselo oyera ndi magazi. Kuwabaya pakhungu m'malo mwa mumtsempha sikusintha zimenezo. Chilichonse chimene chimayenda m'magazi chikhoza kudutsa: HIV, hepatitis B, hepatitis C, chindoko, ndi kachilombo kena kotchedwa CMV komwe kamabisala m'maselo oyera momwemo ndipo kamatha kuvulaza mwana m'mimba ngati mayi akatenga koyamba ali woyembekezera. Kwathu kuno magazi a MBTS, bungwe lotolera ndi kugawa magazi m'Malawi, amayezedwa mosamala asanapite kwa wodwala, komabe tonse a ntchitoyi timadziwa kuti pali nyengo imene munthu wangotenga kumene kachilombo koma makina sanayambe kukaona. Timalolera chiopsezo chimenecho pamene mayi akutaya magazi ndipo akhoza kufa usiku womwewo. Kulolera chiopsezo chomwecho pa chithandizo chomwe sichinatsimikizike, ine mtima wanga sukuvomera.

Wina anena kuti ndi amuna anga, timagona limodzi kale. N'zoona. Koma tili ndi mabanja ambiri amene wina ali ndi kachilombo wina alibe, akhala zaka choncho. Ndipo ndamva kuti malo ena mwamuna akapezeka ndi vuto amatenga maselo a munthu wina wongopereka. Pamenepo ndiye mufunse kawiri.

Chachiwiri, chimene anthu sachiganizira. Mukabayidwa maselo a munthu wina, thupi limapanga asilikali olimbana ndi zizindikiro za munthuyo, ndipo amenewo akhoza kukhala zaka. Tsiku lina mukadzafuna kuikidwa magazi, kapena impso, kupeza zogwirizana nanu kumavuta. Ine ndaonapo mayi ali pa bedi, ife mu labu tikuyesa thumba ndi thumba, lililonse likukana. Si LIT inachititsa ameneyo, koma ndikudziwa mmene zimakhalira magazi akamakana. Asilikali omwewo nthawi zina amawoloka nsengwa n'kukawononga timaselo toundanitsa magazi ta mwana, mwana n'kubadwa wosachedwa kutaya magazi. Sizichitika kawirikawiri, koma zinalembedwapo.

NaJere: Che Jafali, za impsozo zandiopsa. Mayi anga anamwalira ndi impso, ndipo ine BP imakwera nthawi zina. Pa foni a ku Mexico aja anangondiuza za kutupa kwa mkono basi.

Che Jafali: Muwafunse molemba, akuyankheni molemba. Magazi a bambo amawayeza chiyani, liti, ndi makina anji. Ndipo mukadwala mutabwerera ku Indiana, adzakuonani ndani.

Anambewe: Ana anga, ine ndi mzamba wopuma, ndagwira ntchito m'zipatala za m'maboma zaka zambiri. Ndawerenga zonse. Ndikufuna ndibwerere pa mawu amene NaJere anauzidwa, akuti thupi likukana mwana. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ndi omwe aja timamva kumudzi atangovala jekete. Kumudzi amati ali ndi mauka, amati anamumangira, amati sanasunge mwambo, amati msana wake ndi woipa. Konsekonse wolakwa ndi mkazi. Tsopano akuti asilikali ake ndi aukali. Mwana wanga, mwa mimba zimene zimachoka miyezi itatu yoyamba, pafupifupi theka zimachoka chifukwa ma chromosome a kamwanako, timaulusi ta m'maselo tonyamula chibadwa, sanalumikizane bwino pa tsiku loyamba lenilenilo, dzira litangokumana ndi umuna. Sunanyamule ndowa yolemera, sunadye cholakwika, thupi lako silinakane kanthu. Mbewu ikakhala yofumbwa, ngakhale uthire feteleza wochuluka bwanji siimera. Kubaya mayi maselo sikungakonze chromosome ya mwana.

Ndiye funso loyamba kwa dokotala wako likhale ili: pa mimba yomaliza, pamene anakukolopa, zotulukazo anazitumiza kukayezedwa? Kumeneko zipangizo zilipo. Ngati anapeza kuti ma chromosome anali olakwika, nkhani ya chitetezo cha m'thupi yathera pomwepo pa mimba imeneyo.

NaJere: Amayi, yomaliza inachokera kunyumba usiku, mu bafa. Bambo anali ku ntchito ya usiku. Ndinangokulunga mu thaulo, m'mawa sindinadziwe kuti ndingapite nazo kuchipatala. Palibe anandiuza.

Anambewe: Pepa mwana wanga, pepa. Unali wekha. Palibe amene amaganiza za labu nthawi ngati imeneyo. Tikupempha Mulungu zisachitikenso, koma amayi nonse mumve: zikachitika, ikani m'kabotolo koyera kotsekeka, musathiremo spirit kapena mankhwala, pitani nazo msanga. Ndipo inu awiri mukhoza kuyezedwa magazi kuona ma chromosome anu. Mabanja ochepa, awiri mpaka asanu pa 100 mwa opita padera mobwereza, mmodzi amakhala ndi ma chromosome osinthana malo. Iye ali bwinobwino, koma ena mwa mazira kapena umuna wake umatuluka wosakwanira. Akhoza kukhala mkazi, akhoza kukhala mwamuna.

Bambo a Yankho: Pamenepo ndiyankhulepo ngati bambo. Ife kwathu zaka zonse zimene tinkasowa mwana, akuchimuna ankaloza mayi a Yankho. Alongo anga anafika pondipezera mkazi wina. Tsiku limene ndinapita kukayezetsa umuna ndi limene zinadziwika kuti mbewu zanga ndi zochepa. Kupereka magazi kuti abaye mkazi wako n'kosavuta, umaoneka ngati mwamuna wothandiza. Kulowa m'kachipinda ndi kabotolo kuti akuyeze iweyo ndiye kumafuna mtima. A NaJere, alamu athuwo anayezedwapo chilichonse? Amasuta? Amamwa bwanji? Zaka zawo? Madokotala amati zimenezi nazo zimakhudza.

NaJere: Sanayezedwepo. Amati poti mimba ndimatenga ndiye iwo alibe vuto. Fodya anasiya chaka chatha.

Bambo a Yankho: Muwaonetse uthenga wangawu. Akafuna tiyankhulane patokha ngati amuna.

Thoko wa ku Joni: Funso langa ndi losiyana pang'ono koma ndi nkhani yomweyi. Ine sindipita padera, mimba imene siibwera. Machubu anga anatsekeka, ndiye tinapanga IVF kuno, ija yokumanitsa dzira ndi umuna mu labu, kamwana anakaika koma sikanagwire. Tsopano akuti andiyeze ma NK cells m'magazi, akakhala okwera andiike dripi ya intralipid, kapena IVIG, mwinanso atenge maselo anga omwe awaike m'chiberekero. Chilichonse chili ndi mtengo wake pamwamba pa IVF. Kodi izi ndi zomwezi za LIT?

Tiyamike wa ku Leeds: Thoko, ndi za banja limodzi koma si chinthu chimodzi. Ndiyambe ndi ma NK, mtundu wina wa maselo oyera otchedwa natural killer. Dzina lake limaopsa chifukwa limanena za kupha, ndiye munthu ukauzidwa kuti ako ndi okwera umaona ngati m'mimba mwako muli chilombo. Koma ma NK a m'magazi a pa mkono ndi osiyana ndi a m'chiberekero. A m'chiberekero ndi ambiri mwachibadwa miyezi yoyamba ya mimba, ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza nsengwa kuzika ndi kukulitsa mitsempha yopititsa magazi kwa mwana. Pulofesa Ashley Moffett wa ku Cambridge wakhala akufotokoza zimenezi kwa zaka zambiri. Kuyeza a pa mkono sikukuuza za m'chiberekero, ndipo nambala yake imasintha ndi tsiku la mwezi, nkhawa, ngakhale nthawi imene akutenga magazi. Palibe mulingo umene akatswiri onse anagwirizana kuti apa ndiye pokwera.

Intralipid ndi mafuta a soya osakaniza ndi za dzira, anapangidwira odwala amene sangathe kudya. Umboni woti imabweretsa mwana ndi wofooka. IVIG imachokera m'magazi a anthu masauzande, ndi yodula kwambiri, ndipo ikhoza kuyambitsa kuundana kwa magazi, vuto la impso kapena thupi kuikana mwadzidzidzi. Kunena mwachilungamo, pali kafukufuku wa ku Japan wa 2022 amene anaonetsa kuti mwina ingathandize amayi amene apita padera kanayi kapena kuposa popanda chifukwa chodziwika, ikaperekedwa yambiri kumayambiriro kwenikweni, ndipo a ESHRE anailemba ngati chinthu chotheka kuganizira kwa gulu limenelo lokha. Iwe suli m'gulu limenelo. Zoika maselo ako omwe m'chiberekero zinayambira ku Japan komweko, ndipo poti ndi ako, nkhawa za Che Jafali za matenda a munthu wina palibe. Koma kafukufuku wake akadali wamng'ono, sanafike poti munthu azilipiritsidwa ngati chithandizo chotsimikizika. Kuno bungwe la HFEA, loyang'anira zipatala za IVF, lili ndi tsamba lomwe limapereka mitundu ya chenjezo pa zowonjezera zoterezi. Ulitsegule uwerenge usanasaine.

Langizo langa: ndalama ya zowonjezerazo ukaisunga ikhoza kukufikitsa pa kuyesanso kwina, ndipo kuyesanso ndi kumene kumaonjezera mwayi. Kamwana kamodzi kapena tiwiri kusagwira ndi zochitika kwa anthu ambiri. Ufunsenso ngati machubu otsekekawo ali ndi madzi mkati, chifukwa madzi amenewo amatsikira m'chiberekero n'kulepheretsa kamwana kugwira, ndipo kuchotsa kapena kumanga chubu choterocho kunatsimikizika kuti kumathandiza.

Thoko wa ku Joni: Za madzizo anatchulapo pa sikani yoyamba, kumanzere. Sanabwererenso pa nkhaniyo. Ndikafunsa Lachinayi.

Anambewe: Thoko wandikumbutsa. Kwa inu amene muli kuno kumudzi, musaone ngati mukumanidwa chithandizo cha azungu. Zimene zimatilanda mimba kuno zambiri ndi zodziwika ndipo mankhwala ake alipo. Malungo amachotsa mimba. Gonani mu neti, mukamva kutentha thupi kayezetseni tsiku lomwelo, ndipo Fansidar wa ku sikelo amayamba mimba ikakwana masabata 13. Dziko lathu ndi limene linayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera, mu 1993, mayiko ena anatsatira pambuyo. Chindoko chimapha ana m'mimba, makamaka mimba ikakula, ndipo jakisoni wa penicillin amachiza, bola abambo nawonso abayidwe. Ndaonapo mayi akubwera ndi mtayo kachiwiri chifukwa bambo anakana jakisoni. Shuga wosasamalidwa, chithokomiro, zonsezi zimayezeka. Amene mimba imachoka pa miyezi inayi kapena isanu popanda kupweteka kwenikweni, madzi kungosweka, kawirikawiri ndi khomo la chiberekero lofooka, ndipo madokotala a ku zipatala zazikulu amalisoka. Za kusabereka, chachikulu kwathu kuno ndi machubu otsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana amene sanachizidwe, kapena matenda obwera pambuyo pobereka ndi popita padera. A kunyanja muonjezerepo likodzo, limafika mpaka ku ziwalo zoberekera. Che Jafali andivomereza.

Che Jafali: Zoona amayi. Timaliona kwambiri, ndipo amayi ambiri amapatsidwa mankhwala a chinzonono mobwerezabwereza pomwe vuto ndi likodzo.

Lusungu M.: Koma a Tiyamike, kodi ndiye kuti chitetezo cha m'thupi sichikhudzana konse ndi kupita padera? Zikumveka ngati mukukana zonse.

Tiyamike wa ku Leeds: Ayi, chimakhudzana, ndipo pali vuto limodzi la mtundu umenewu lomwe ndi lotsimikizika komanso lochizika. Limatchedwa antiphospholipid syndrome. Thupi limapanga asilikali amene amachititsa magazi kuundana msanga ndi kusokoneza nsengwa. Amapezeka mwa amayi pafupifupi 15 pa 100 opita padera mobwereza. Chithandizo chake si maselo a bambo, ndi aspirin wa mlingo wochepa ndi jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana, tsiku ndi tsiku mimba ikangodziwika, ndipo ana obadwa amoyo amachulukadi. Koma musayambe kumwa aspirin kapena kubaya heparin panokha. Kwa amayi amene alibe vutoli anayesa, sizinathandize, ndipo heparin ali ndi zoopsa zake.

Chinanso ndi progesterone, homoni yothandiza kusunga mimba. Kafukufuku wa PRISM wa 2019 kuno ku Britain anali ndi amayi oposa 4,000 amene ankataya magazi kumayambiriro kwa mimba. Kwa onse pamodzi kusiyana kunali kochepa, koma mwa amene anali atapita padera katatu kapena kuposa, 72 pa 100 anabereka atalandira progesterone, poyerekeza ndi 57 pa 100 mwa amene sanalandire. Kuchokera mu 2021 malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amati mayi amene akutaya magazi, anapitapo padera, ndipo sikani yaonetsa kuti mimba ili m'chiberekero, apatsidwe 400 mg woika kumusi kawiri pa tsiku mpaka masabata 16. Kwa amene sakutaya magazi, kafukufuku wina wa 2015 sanapeze phindu. Mukuona kusiyana kwake a Lusungu: apa tikutha kunena kuti ndani, mlingo wanji, mpaka liti.

Mai a Praise: Progesterone ameneyo nanenso anandipatsa ku India, limodzi ndi aspirin. Ndinkaona timadontho pa masabata 7.

Anaphiri a ku Ndirande: Chimene chinagwira ntchito achidziwa ndi Mulungu. Mwana akule basi.

Mai a Praise: Amen amayi. NaJere, ine sindikukukakamizani. Zimene anena Che Jafali za magazi kukana, ine sanandiuzeko, ndipo ndikufuna ndikayezetse ndidziwe mmene ndilili.

Che Jafali: Mukapita kuchipatala chilichonse, makamaka mukadzakhalanso oyembekezera kapena pokonzekera opaleshoni, muziwauza kuti munalandirapo maselo a munthu wina. Zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. A labu akadziwiratu amakonzekera.

NaJere: Ndabweranso. Usiku sindinagone, ndinatulutsa mapepala onse a kuchipatala n'kuyala pa tebulo. A Tiyamike, pali pepala lina lolembedwa anticardiolipin, nambala yake ili ndi chizindikiro chakuti yakwera, ndipo pansi analemba kuti ndibwerezenso. Linabwera sabata imene ndinali kulira mimba yachiwiri, sindikukumbuka kuti wina anandiimbira. Kodi ndi zomwe mumanena zija?

Tiyamike wa ku Leeds: Ndi imodzi mwa zitatu zimene amayeza pofufuza antiphospholipid syndrome ija: anticardiolipin, lupus anticoagulant, ndi anti-beta-2 glycoprotein. Kukwera kamodzi sikutanthauza kuti muli ndi vutoli, chifukwa matenda wamba akhoza kuikweza kwa kanthawi. Amafuna ipezeke kawiri, motalikirana masabata 12 kapena kuposa. Poti papita nthawi yaitali chiyezereni, imbani mawa mupemphe zonse zitatu. Mupemphenso TSH ya chithokomiro ndi HbA1c ya shuga ngati sizili pa mapepalawo, ndipo mufunse ngati sikani imene anakuunikani inali yoona maonekedwe a chiberekero mkati, chifukwa ena amabadwa ndi kakhoma kogawa chiberekero pakati. Nkhani ya BP ndi ya impso za amayi anu muitchule, ndi yofunika kwa dokotala amene akuganizira za vutoli. Ngati dokotala wanu sakumvetsera, pemphani akutumizeni kwa katswiri wa mimba zovuta, kumeneko amawatcha a maternal-fetal medicine.

NaJere: Ndalemba zonse. Bambo awerenga uthenga wa Bambo a Yankho, akhala chete nthawi yaitali, kenako anena kuti ndiwapangire nawo appointment. Za ku Mexico tawauza kuti tiima kaye. Funso lomaliza: nanga ndikapezeka ndi mimba zotsatira zisanatuluke?

Anambewe: Folic acid uyambe lero, usadikire mimba. Ukangoona mizere iwiri, imba tsiku lomwelo, uwauze kuti wapita padera katatu ndipo anticardiolipin inakwerapo, dokotala aganize yekha za aspirin ndi heparin. Upemphe sikani ya msanga, pa masabata 6 kapena 7. Ukaona magazi ngakhale kadontho, pita ukafunse za progesterone. Ndipo bambo asinthe mashifiti a usiku miyezi itatu yoyambayo, kapena upeze mnzako wa kutchalitchi wogona naye m'nyumba.